Wi-Fi ya Paloji, VPN Kapena Hotisipoti ya Foni: Mudalire Iti pa Laputopu?

Magetsi akazima kwathu ndimanyamula laputopu n'kukakhala pa loji ina yomwe ili ndi jenereta. Ndimaitanitsa tiyi ndi sikono kuti eni malo asandiyang'ane ndi diso loipa, kenako ndimapempha pasiwedi ya Wi-Fi. Achemwali a pakauntala saitchula n'komwe, amangoloza kapepala komatidwa ndi selotepi pakhoma, komwe kanada kalekale ndi zala za anthu. Pasiwediyo ndi dzina la lojiyo kuphatikiza manambala anayi, ndipo chiyambireni kupitako sinasinthepo. Mlendo wa m'chipinda cha kumapeto akuidziwa, wakabaza wodikira anthu pageti akuidziwa, ngakhale mnyamata wometa tsitsi kuseri kwa mpanda amaonera mpira pa Wi-Fi yomweyo.

Tsiku lina ndili pomwepo ndinadina molakwitsa pa Network mu File Explorer. Panatuluka mayina a makompyuta atatu osakhala anga. Chidwi chinandipweteka, ndinadina pa limodzi, n'kuona foda yolembedwa kuti "Malipiro a antchito" ili pambalambanda. Ndinatseka msangamsanga ngati munthu amene wakankha chitseko cha bafa muli wina, poti lamulo la 2016 loona za intaneti kuno ku Malawi silisekerera wolowa m'kompyuta ya mnzake popanda chilolezo. Tiyi atazizira m'pamene zinandifika m'mutu: ngati ine ndikuwaona, nawonso akundiona.

Chichokereni tsiku limenelo ndayesa njira zitatu zikuluzikulu: kugwiritsa ntchito Wi-Fi ya enieniyo nditatseka zitseko za laputopu, kuyatsa VPN (pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti) pamwamba pake, ndi kuisiya n'kuyatsa hotisipoti ya foni yanga. Ndineneretu kuti imene imatsatsidwa kwambiri, VPN, si imene imakutetezani ku choopsa chachikulu cha masiku ano.

Zimene tinkaopa kale si zimene zikutidya lero

Malangizo ambiri onena za Wi-Fi yaulere amene amazungulira m'magulu a WhatsApp anakalamba. Ndi a nthawi ya Firesheep. Mu Okutobala 2010 katswiri wina wa mapulogalamu wa ku Seattle, Eric Butler, anatulutsa kapulogalamu ka dzina limenelo. Ukakaika mu Firefox n'kukhala pamalo a Wi-Fi yopanda pasiwedi, pambali pa sikirini pankatuluka mayina ndi zithunzi za anthu amene alowa pa Facebook kapena Twitter pamalopo. Kudina kawiri pa chithunzi, basi, walowa mu akaunti ya mwini wake. Sikankaba pasiwedi ayi. Kankatola kachizindikiro komwe webusayiti imakupatsa ukangolowa, konga kakhadi kamene alonda amapatsa mlendo pageti, chifukwa nthawi imeneyo kachizindikiroko kankayenda mumphepo kali pamtunda.

Mpata umenewo unatsekedwa ndi HTTPS, njira imene imabisa zonse zoyenda pakati pa browser yanu ndi webusayiti. Gmail inali itayamba kale kuigwiritsa ntchito kwa aliyense mu Januwale 2010, Facebook inamaliza kusamukirako mu 2013, ndipo kumapeto kwa 2015 bungwe la Let's Encrypt linayamba kupereka kwaulere masatifiketi amene webusayiti imafunika kukhala nawo kuti igwiritse ntchito HTTPS, moti ngakhale webusayiti ya kabungwe kakang'ono inalibenso chowiringula. Pofika Julayi 2018 Chrome inayamba kulemba "Not secure" pa tsamba lililonse lopanda HTTPS. Nayo WhatsApp imabisa mauthenga kuchokera pafoni ya wotumiza mpaka ya wolandira kuyambira Epulo 2016.

Ndiye lero munthu wotchera khutu pa Wi-Fi ya paloji ali ngati kondakitala amene mwamupatsira kalata yomata: akuona kumene ikupita, nthawi imene mwamupatsa ndi kulemera kwake, koma za mkatimo sakuziona. Adziwa kuti mwatsegula webusayiti ya banki yakutiyakuti. Ndalama zimene zili mu akaunti sazidziwa.

Akuba sanagone, anangosintha msampha. Mu 2024 apolisi a ku Australia anagwira bambo wina amene ankayatsa Wi-Fi yabodza m'ndege komanso m'mabwalo a ndege a Perth, Melbourne ndi Adelaide. Ankaipatsa dzina lofanana ndi yeniyeni, ndipo wolumikiza ankafikira pa tsamba lomupempha kuti alowe ndi imelo kapena akaunti yake ya pamasamba a mchezo. Anthu ankalemba okha mapasiwedi awo, ndi zala zawo. Kale mu 2014 kampani ya Kaspersky inaulula za gulu lomwe inalitcha DarkHotel, lomwe linkadikira akuluakulu a makampani m'mahotela apamwamba a ku Asia n'kuwatumizira, kudzera pa Wi-Fi ya hoteloyo, uthenga woti pulogalamu yakuti ikufunika update. Wovomera ankadziikira yekha kazitape m'laputopu. Onse awiriwa sanathyole HTTPS. Ananyenga munthu.

Njira yoyamba: Wi-Fi yomweyo, koma zitseko zili zotseka

Iyi ndi yaulere, ndipo pa ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku ndi yokwanira. Vuto lake n'lakuti imadalira inuyo kukhala maso.

Chitseko choyamba ndi chija chinandichititsa manyazi ine. Windows 10 ikalumikizana ndi netiweki yatsopano imafunsa ngati mukufuna kuti kompyuta yanu izioneka kwa ena, ndipo ambirife timangodina Yes kuti funsolo lichoke. Yankho loyenera pamalo a anthu onse ndi No. Ngati munadina kale, pitani ku Settings, Network & internet, mutsegule Wi-Fi imene mwalumikizayo, musankhe Public. Mukatero laputopu imasiya kudzionetsa ndipo mafoda ndi printa sizigawidwanso. Windows 11 imaika Public yokha pa netiweki yatsopano, komabe yang'anani, makamaka ngati laputopuyo munagula kwa munthu kapena inachokera ku ofesi. Musaone ngati nkhani yaing'ono: khomo logawira mafayilo lomweli, la nambala 445, ndi limene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowera mu Meyi 2017 n'kuyimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain. A Mac nanu musanyade. Firewall ya macOS, mlonda woletsa zolowa kuchokera pa netiweki, imabwera ili yozima, muyatse nokha, ndipo muone pa Sharing kuti File Sharing si yoyatsa.

Chachiwiri, uzani browser kuti izikana masamba opanda HTTPS. Mu Firefox muli HTTPS-Only Mode kuyambira Novembala 2020, mu Chrome muli "Always use secure connections". Ndi kudina kamodzi kokha.

Koma pali misampha iwiri ya kaloko imene imapusitsa anthu ophunzira ndithu. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa dzina la Wi-Fi kamangotanthauza kuti pakufunika pasiwedi. Ngati pasiwediyo ili pakapepala ka pakauntala, ndiye kuti kiyi ali ndi mudzi wonse, ndipo pa WPA2, njira yobisira zoyenda pa Wi-Fi yomwe marauta ambiri akugwiritsabe ntchito, munthu wodziwa pasiwedi amene anatchera khutu pamene inu munkalumikiza angathe kumasula zimene rautayo ikubisa. WPA3, yomwe inabwera mu 2018, inakonza zimenezi, koma inu mlendo simungasankhire eni loji rauta. Kaloko kachiwiri ndi ka mu browser. Kamanena kuti njira yopita ku webusayitiyo ndi yobisika, sikanena kuti mwini webusayitiyo ndi wachilungamo. Akuba nawonso amatenga satifiketi yaulere ija. Anthu ankakamva molakwika kwambiri moti Chrome inakachotsa mu Seputembala 2023. Chofunika kuwerenga ndi dzina la webusayiti, chilembo ndi chilembo.

Browser ikakuchenjezani kuti satifiketi ya tsamba ili ndi vuto muli pa Wi-Fi ya eni, bwererani. Apa pali chizolowezi choipa chimene malaputopu athu a kaunjika anatiphunzitsa. Kabatire kakang'ono kosunga nthawi kakatha, laputopu imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china chakale, ndipo tsamba lililonse limatulutsa chenjezo. Munthu amazolowera kudina Advanced n'kupitirira, tsiku ndi tsiku, mpaka chala chimachita chokha. Tsiku limene chenjezolo lidzakhale lenileni, chala chidzadinanso. Kabatireko n'kotchipa, kasintheni.

Kenako dzina la netiweki. Mukaona mayina awiri ofanana, lina lili ndi "Free" kumapeto, funsani wa pamalopo kuti yawo ndi iti. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Tsamba lolandirira alendo likapempha nambala ya chipinda kapena kuti muvomereze malamulo, palibe chodabwitsa. Likapempha pasiwedi ya Gmail, ya Facebook kapena PIN ya Mpamba ndi Airtel Money, tsekani. Likati ikani kapulogalamu kapena satifiketi kuti intaneti iyambe, tsekaninso. Lamulo lomweli ligwire pa Wi-Fi yaulere imene boma linayamba kuika m'misika, m'zipatala ndi m'mabwalo a ndege mu 2021: dzina la netiweki aliyense angathe kulikopera pa foni yake m'kamphindi kochepa.

Njira yachiwiri: VPN

VPN imakumba ngalande yobisika kuchokera pa laputopu yanu kukafika pa seva ya kampani ya VPN, ndipo zonse zimadutsa mmenemo. Kondakitala uja tsopano akungoona kuti makalata onse akupita ku adiresi imodzi. Sakudziwanso mawebusayiti amene mukutsegula, ndipo ngati muli ndi pulogalamu yakale imene imatumizabe zinthu zosabisa, nayonso yaphimbidwa. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo ndi weniweni.

Zimene singachite n'zimene otsatsa satchula. Mukalemba pasiwedi pa tsamba labodza, VPN idzainyamula bwinobwino, mobisa, mpaka m'manja mwa wakubayo. Mukavomera update yabodza, siletsa. Komanso pa Wi-Fi yokhala ndi tsamba lolandirira alendo, nthawi zambiri muyenera kudutsa kaye patsambalo VPN isanalumikize, kutanthauza kuti pa mphindi yoopsa kwambiri ija, imene inagwetsa anthu ku Australia, muli nokhanokha.

Ndipo VPN sichotsa wokuonani, imangomusintha. Zimene eni loji akanaona, tsopano akuona ndi eni VPN. Funso n'lakuti mukuwadziwa? Mu 2016 ofufuza a bungwe la CSIRO la ku Australia pamodzi ndi anzawo anayeza mapulogalamu 283 a VPN a pa Android. Anapeza kuti 18 pa 100 alionse sankabisa kalikonse, ndipo 38 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za mapulogalamu oipa. Mu 2015 zinadziwika kuti Hola, VPN yaulere yotchuka, inkagulitsa intaneti ya ogwiritsa ntchito ake kuti anthu ena azidutsirapo. Onavo, yomwe Facebook inagula mu 2013, inkadzitcha yoteteza koma inkasonkhanitsa zimene anthu akuchita pa mafoni awo, mpaka inatsekedwa mu 2019. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kwathu kuno mawu oti VPN ambiri anawadziwira kwina: timafayilo timene achinyamata amagawana pa Telegram ndi WhatsApp tolonjeza intaneti yaulere popanda bandulo. Timeneto si chitetezo. Mukupereka zonse za pa intaneti yanu kwa munthu amene simudziwa ngakhale dzina lake. Musatsegulirepo imelo ya kuntchito.

Za VPN zodalirika, ziwiri ndi zimene ndingatchule osachita manyazi. Mullvad ya ku Sweden imalipiritsa mayuro 5 pamwezi ndipo sifunsa ngakhale imelo, imangokupatsani nambala ya akaunti. Koma kulipira ndalama zakunja ndi khadi la kuno ndi nkhani ina, aliyense amene anayesapo akudziwa. Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo laulere lopanda malire a data, la chipangizo chimodzi, ngakhale seva imakusankhirani yokha. Kwa munthu wa kuno amene akungofuna kuphimba ntchito yake pa Wi-Fi ya eni, ndingayambire pamenepo. Yatsani kill switch, yomwe imadula intaneti yonse VPN ikaduka, apo ayi laputopu imapitiriza mwakachetechete ngati palibe chachitika.

Mtengo wina wa VPN ndi liwiro. Ngati seva ili ku Netherlands, tsamba la banki ya ku Blantyre liyenera kukazungulira ku Ulaya n'kubwerera, pa Wi-Fi imene anthu khumi ndi awiri akulimbirana kale. Mawebusayiti ena akaona kuti mwalowa muli "kunja" amayamba kufunsa mafunso kapena kukutsekerani. Ndipo ngalandeyo si yamwala: mu Meyi 2024 ofufuza a Leviathan Security anasonyeza njira yotchedwa TunnelVision, imene netiweki yoipa ingapatutsire zinthu kunja kwa VPN pulogalamuyo ikusonyezabe kuti zonse zili bwino. HTTPS ndi imene imatsala ikukutetezani zikatero.

Ngati kuntchito anakupatsani VPN yawo, palibe zokambirana, yatsani.

Njira yachitatu: intaneti yanuyanu

Pa chilichonse chokhudza ndalama, iyi ndi imene ndimasankha. Mukayatsa hotisipoti ya foni, pa netiwekiyo pali inu nokha. Palibe tsamba lolandirira alendo, palibe dzina loti musokoneze, palibe laputopu ya mlendo pambali panu. Pa 4G zoyenda pakati pa foni ndi nsanja ya Airtel kapena TNM zimabisidwa, ndipo SIM imatsimikizira kuti ikulankhula ndi netiweki yeniyeni. Kunamizira nsanja ya mafoni n'kotheka, koma pamafunika zida ndi luso loposa la munthu wongoyatsa Wi-Fi yabodza m'chikwama.

Mtengo wake ndi bandulo, ndipo laputopu si foni, imadya ngati dzombe. Tsiku loyamba kuyesa ndinagula bandulo yoti indikwanire sabata. Ndinalumikiza, ndinatsegula imelo imodzi, ndinapita kukatenga madzi. Pobwera ndinapeza uthenga woti bandulo yatha ndipo mayunitsi ayamba kudyedwa. Windows inali itaona intaneti n'kuyamba kukoka ma update, OneDrive nayo ikukweza zithunzi za ukwati wa mlongo wanga. Mankhwala ake ndi Metered connection, yomwe ili pamalo omwe aja posankhira Public. Mukaiyatsa, Windows imadziwa kuti intanetiyi ndi yogula ndi thukuta ndipo imaimika zokoka zikuluzikulu. Pa Mac dzina lake ndi Low Data Mode.

Ndimakonda kulumikiza foni ndi kebulo ya USB kusiyana ndi mumphepo. Palibe choulutsidwa choti wina atole, foni imachajidwa nthawi yomweyo, ndipo sitentha kwambiri. Ngati mukuyatsa ya mumphepo, pasiwedi isakhale 12345678 kapena nambala yanu ya foni, ndipo dzina la hotisipoti lisakhale dzina lanu lenileni, poti aliyense pamalopo amaliona. MiFi, kabokosi koikamo SIM koulutsa Wi-Fi, imagwira ntchito yomweyo ndipo imapulumutsa batire la foni, koma yambiri imabwera ndi pasiwedi yolowera ku zosintha yoti admin, ndipo anthu ochepa ndi amene amaisintha.

Pamene njirayi imagonja ndi pamene netiweki ili ndi kandodo kamodzi, kapena mwatsika ndege ku Johannesburg SIM yanu ili ya kwathu, pomwe roaming ingakudyereni ndalama ya thiransipoti. Apo Wi-Fi ya pabwalo la ndege ndi VPN yodalirika, yoikiratu musananyamuke, ndi zimene zingakuthandizeni kufikira mutagula SIM ya kumeneko.

Pali zina ziwiri zongodutsa. Tor Browser imabisa kumene mukupita kuposa VPN ndipo ndi yaulere, koma imachedwa, imateteza za mu browser yomweyo zokha, ndipo mabanki saikonda. Ndi ya mtolankhani kapena wofufuza nkhani zovuta, osati wolipira fizi ya mwana. Ndipo amene muli pa yunivesite yomwe ili ndi eduroam, Wi-Fi ya ophunzira ndi antchito a m'mayunivesite, sankhani imeneyo kusiyana ndi Wi-Fi yotseguka ya pasukulupo, chifukwa aliyense amalowa ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake, kiyi si wa gulu.

Ndiye iti, pa ntchito iti?

Mmene ndimachitira ine ndi mosakaniza. Zolemera koma zopanda chinsinsi, monga kukoka ma update, mavidiyo a maphunziro kapena mabuku, ndimachitira pa Wi-Fi ya paloji, laputopu ili pa Public. Pamenepa Wi-Fi yaulere imathandizadi pa chitetezo, chifukwa laputopu imene mwini wake amaopa kuipatsa update poopa bandulo ndi yosavuta kuthyola kulikonse kumene ili. Update yokhayo ichokere mu Settings, osati pa kauthenga kotulukira mu browser. Imelo ndi ntchito wamba ndimachitiranso pomwepo, VPN ili yoyatsa ngati liwiro likulola. Ikafika nthawi ya banki, kulipira kapena kutumiza mapepala a kasitomala, ndimazima Wi-Fi n'kulumikiza kebulo ya foni. Mphindi zisanu za pa banki sizitha ma MB ambiri.

Pa njira zonsezi, chimene chimapulumutsa munthu amene wapusitsidwa kale ndi chitsimikizo chachiwiri polowa mu akaunti. Gmail, Facebook ndi Microsoft zonse zili nacho. Wakuba akhale ndi pasiwedi yanu, popanda nambala yachinsinsi imene imatuluka pafoni yanu polowa, salowa mosavuta. Pulogalamu yopanga manambala monga Google Authenticator ndi yolimba kuposa SMS, ndipo imagwira ntchito ngakhale foni ilibe netiweki. A Windows 10 dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update wamba a chitetezo pa 14 Okutobala 2025. Laputopu yotero VPN singaichiritse.

Ndiye pali mdani amene safuna luso lililonse: maso a wokhala kumbuyo kwanu ndi manja a wodutsa. Khalani motsamira khoma. Mukadzuka, ngakhale kungopita kukasamba m'manja, dinani batani la Windows pamodzi ndi L kuti sikirini itsekeke, ndipo mawu oti "achimwene, tandionerani laputopuyi" kwa munthu amene mwamuona lero lomwe si chitetezo. Yatsani BitLocker kapena Device encryption pa Windows, FileVault pa Mac, kuti laputopu ikabedwa wakubayo apeze chitsulo chokha, mafayilo asawerengeke. Kiyi wobwezeretsera mumulembe papepala n'kumusunga kunyumba, osati m'chikwama cha laputopu chomwecho.

Ponyamuka, uzani laputopu iiwale netiwekiyo, kapena chotsani chizindikiro pa Connect automatically. Laputopu imasunga dzina la Wi-Fi iliyonse imene inalumikizapo, ndipo ikadzamva dzina lomwelo kwina, makamaka la netiweki yopanda pasiwedi, imalumikiza yokha osakufunsani. Pa Windows zili pa Manage known networks. Nditatsegulapo koyamba ndinapeza mayina oposa makumi atatu, ena a malo amene sindikukumbuka n'komwe kuti ndinafikako.